Mwana wanga akamugonetsa ku fiyeta Lachinayi, adzadzuka?

Amake Bebi wa ku Chilomoni

Abale anga ndithandizeni maganizo. Ino ndi 1 koloko usiku, tulo tandithawa.

Mwana wanga wamwamuna ali ndi chaka chimodzi ndi miyezi 4. Ali ndi miyezi 9 ndinayamba kuona kachotupa pamphechepeche, mbali ya kumanja. Kamatuluka akamalira kapena akamadzikakamiza pochita chimbudzi, akagona kamabwerera mkati. Apongozi anga anati ndi phudzi la ana, limatha lokha, mpaka anamumangira mkuzi wa mankhwala m'chiuno. Ine sindinakane, ndinaona kuti mwana akusewera bwinobwino.

Mwezi watha kanatuluka madzulo osabwereranso. Kanalimba gwa, mwana analira mpaka mawu kusasa, bere kukana. Tinathamangira kuchipatala pa kabaza cha m'ma 10 usiku. Adokotala anamupatsa mankhwala, n'kukabwezera mkati ndi zala pang'onopang'ono. Anatiuza kuti ndi hernia, matumbo akumatsikira pa kabowo kamene sikanatsekeke pamene ankabadwa, ndipo sikadzatsekeka kokha. Atilembera opareshoni Lachinayi sabata yamawa.

Mpeni sindikuuopa kwenikweni. Chimene chikundidya ndi tulo timene akamugonetse.

Mu 1999 mayi anga aang'ono, ang'ono awo a mayi anga, analowa ku fiyeta kukabereka pa opareshoni. Mwana anatuluka wamoyo, iwo sitinawaonenso ndi maso. Ndinali ndi zaka 8. Ndimakumbukira beseni lawo la pulasitiki lobiriwira limene agogo anabwera nalo pamutu, muli zitenje ziwiri zopinda ndi sopo wosatsegula. Kwathu mpaka lero mawu ake ndi akuti "anawaonjezera mankhwala ogonetsa". Ndakula ndi mawu amenewo. Ndiye pano andipatsa fomu kuti ndikasaine, bambo ake akuti saina ndiwe, dzanja langa likunjenjemera.

Apongozi nawonso sakundithandiza. Akuti mwana wogonetsedwa ali wamng'ono chonchi mutu sugwira kusukulu. Mnzanga wa kumsika akuti pali ena amadzuka mkati mwa opareshoni, kumamva mpeni koma osatha kukuwa. Komanso anesi anati asadye chilichonse, chikhalirecho uyu usiku amayamwa kawiri kapena katatu. Ndimuletsa bwanji bere mwana amene wandigona pambali?

Amene mwadutsamo, kapena amene mumagwira ntchito kuchipatala, ndiuzeni zoona zake. Musandinyengerere chonde.

Mayi wa ana atatu, Area 25

Pepani asisi, mtima wa mayi ndi umenewo. Ine ana awiri ndinabereka pa opareshoni koma sanandigonetse thupi lonse. Anandibaya jakisoni wa pamsana, ndinachita dzanzi kuyambira m'mimba kutsika, miyendo kulemera ngati mitanda. Ndinkamva zonse zimene ankalankhula, mwana atalira ndinamumva. Bwanji mukafunse ngati naye angamubaye wa pamsanayo kuti asagone? Ndikukupemphererani.

Wogonetsa wa kuboma

Amake Bebi, mwati tisakunyengerereni, ndiye sindikunyengererani. Ntchito yanga ndi imeneyi, yogonetsa anthu ku fiyeta. Ndine clinical officer, ndinakaonjezera maphunziro a miyezi 18 ku Malawi School of Anaesthesia ku Blantyre, ndipo ndagonetsapo ana ambiri a msinkhu wa mwana wanuyo pa vuto lomweli. Kuno kwathu odwala ambiri amagonetsedwa ndi ife ma clinical officer, madokotala akuluakulu a ntchitoyi alipo ochepa kwambiri.

Choyamba ndiyankhe mayi a ku Area 25. Jakisoni wa pamsana ndi wabwino kwambiri kwa amayi obereka, n'chifukwa chake masiku ano ndi amene timayambira pa opareshoni ya uchembere. Koma mwana wa chaka ndi miyezi 4 simungamuuze kuti gona osagwedera kwa mphindi 40. Adzaphiriphitha, adzakuwa, dokotala sangasoke bwino. Ameneyu amafunika agone ndithu. Zimene timachita nthawi zina, akagona kale, ndi kumubaya mankhwala a dzanzi kumunsi kwa msana kapena pamalo pa bala, kuti podzuka asamve ululu kwambiri.

Tsopano ndikuuzeni zimene zimachitika kuseri kwa chitseko chimene inu mumatsalira panja chija. Tisanayambe ndimamukweza pa sikelo, chifukwa mankhwala onse a mwana timawerengera pa kulemera kwake. Wa makilogalamu 10 amalandira mlingo wa makilogalamu 10, sitichita kuyerekeza ndi maso. Ndimamumvetsera m'chifuwa, ndimayang'ana kuyera kwa maso ndi zikhatho, ndimaona zotsatira za magazi. Akalowa, ndimamupana kachipangizo kofiira kuwala pa chala chachikulu cha kuphazi. Kamenekako kamaonetsa kuchuluka kwa okosijeni m'magazi ndipo kamalira "ti, ti, ti" mogwirizana ndi mtima wake. Okosijeni akangoyamba kutsika kulira kwake kumasintha, kumatsikira pansi, khutu langa limamva maso asanaone nambala. Kenako ndimamuika kamasiki pamphuno ndi pakamwa, amapuma mpweya wosakaniza ndi mankhwala monga halothane kapena sevoflurane, kapena timamupatsa ketamine kapena propofol kudzera pa dilipi. Amalira pang'ono, manja amafooka, mphindi imodzi kapena ziwiri wagona.

Kuyambira pamenepo mpaka mapeto ine sindichoka pamutu pa mwana. Dokotala maso ake ali pa bala, anga ali pa chifuwa cha mwana kuona mmene chikukwerera ndi kutsika, dzanja lili pa kathumba kopumira. Mankhwalawo sikuti timangomwetsa kamodzi n'kumadikira mwayi ayi. Mpweya uja ndimautsegula ndi kuuchepetsa ngati mpopi. Dokotala akamamaliza kusoka ndimatseka, mwana amaupumira kunja, pakapita mphindi zingapo wayamba kukwinya nkhope ndi kuponya miyendo.

Kodi ngozi ilipo? Ilipo. Aliyense wokuuzani kuti palibe akunama. Koma kwa mwana wathanzi, pa opareshoni yochita kukonzekera ngati iyi, ndi yochepa kwambiri, ndipo malo amene imabisala timawadziwa. Oyamba ndi m'mimba modzaza. Munthu akagona tulo ta mankhwala sakhosomola, sameza. Chakudya chikabwerera kukhosi chimalowera kumapapo. N'chifukwa chake timakana chakudya, osati nkhanza. Kawirikawiri lamulo lake ndi ili: phala, nsima, nthochi, mkaka wa m'chitini kapena wa ng'ombe, asiye kutatsala maola 6. Bere asiye kutatsala maola 4. Madzi wamba akhoza kumwa mpaka kutatsala maola 2. Thobwa, maheu ndi tiyi wamkaka timaziwerengera ku chakudya, si madzi. Ndiye onani mayi, sikuti usiku wonse asayamwe. Ngati akulowa 8 koloko m'mawa, muyamwitseni akhute cha m'ma 3 koloko usiku, pofika 4 koloko bere latsekedwa. Mukafunse anesi a pawodi nthawi yeniyeni, ndipo zimene akakuuzeni iwo n'zimene mutsate.

Malo achiwiri ndi chifuwa ndi chimfine. Mwana wa mamina, wokhosomola, kholingo lake limakhala lachewuchewu, limatha kudzitseka lokha pogona kapena podzuka. Achitatu ndi kuchepa magazi ndi malungo, n'chifukwa chake timayeza. Achinayi ndi zimene makolo satiuza. Ngati wamwetsedwa mankhwala achikuda, nenani, sitikukalipirani. Ngati akumwa ma ARV kapena bactrim, ngati ali ndi sickle cell, ngati anakomokapo, ngati jakisoni wina anamutulutsa zidzolo kapena kumutupitsa nkhope, ngati anabadwa masiku osakwana, zonsezo nenani. Bwerani ndi buku lake la kuchipatala. Mkuzi wa apongoziwo mukauvule nokha musanalowe, mukausunge m'chikwama, chifukwa uli pafupi ndi malo ocheka.

Za mayi anu aang'ono, pepani kwambiri. Nkhani yawo mukamuuze wogonetsa amene adzakuoneni, musaibise, chifukwa timafunsa dala ngati m'banja wina anavutikapo ndi mankhwalawa. Pali vuto lina losowa kwambiri, loyenda m'magazi a pamtundu, limene thupi limatentha modzidzimutsa ndi kuuma minofu likakumana ndi mankhwala monga halothane ndi suxamethonium. Tikadziwa kuti m'banja munachitikapo zotere timasankha mankhwala ena. Ndiye afunseni mayi anu zimene anauzidwa tsiku limenelo.

Koma ndikuuzeninso izi. Zaka zomwezo, 1998 mpaka 2000, kunachitika kafukufuku m'zipatala 25 za m'Malawi muno wotsogozedwa ndi Dr Paul Fenton, amene ankaphunzitsa ogonetsa ku Blantyre. Anawerenga maopareshoni a uchembere 8,070. Amayi 85 anamwalira, ndipo ambiri mwa iwo, pafupifupi atatu mwa anayi alionse, anamwalirira kuwodi opareshoni itatha kale. Zimene zinkawatenga kwambiri ndi kuphulika kwa chiberekero ndi kutaya magazi. Kafukufukuyo sanatibisire mbali yathu: anaonetsanso kuti imfa zinkachuluka pamene wogonetsa anali wosaphunzira mokwanira, komanso pamene mayi wagonetsedwa thupi lonse m'malo mwa jakisoni wa pamsana. Abale akunja kwa chitseko amangoona kuti munthu analowa akulankhula, watuluka wosadzuka, ndiye amati anamuonjezera mankhwala. Mayi amene wavutika ndi matenda masiku awiri, wataya magazi, walowa usiku mwadzidzidzi, ndi wosiyana kutali ndi kamnyamata kathanzi kolowa m'mawa pa tsiku lochita kulemba.

Chomaliza, chimene ndimachiopa ine kuposa tulo: hernia ya pamphechepeche mwa mwana siili ngati mchombo wotuluka uja umene nthawi zambiri umabwerera wokha mwana akamakula. Iyi yakuchenjezani kale kamodzi. Ikadzakaniriranso matumbo akhoza kupotokola n'kuola, ndiye adzalowa ku fiyeta komweko usiku, m'mimba muli chakudya, akusanza, atafooka. Pamenepo mpamene ngozi ya mankhwala ogonetsa imakwera. Ikatupa n'kulimba Lachinayi lisanafike, kapena akayamba kusanza zobiriwira, musadikire kuche.

Bambo wa ku Balaka

Mayi, ine ndilibe maphunziro a zachipatala, ndimasoka nsapato. Koma zimene anena achimwene a kuboma za chakudya zandikhudza, chifukwa ndinalakwapo ine ndemwe, ndipo nkhaniyi sindiikamba kawirikawiri.

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 5 anagwa mumtengo wa mango n'kuthyoka mkono pachigongono. Anati amugonetsa m'mawa kuti akawongole. Mayi ake anali ndi khanda kunyumba, gadiyani ndinali ine. Anesi ananena momveka bwino kuti asadye. Kunja kutacha mwana anayamba kulira njala, "adadi ndikufuna tiyi, adadi m'mimba". 7 koloko inakwana, 8 koloko, sanatiitane. Mtima unandipweteka. Ndinatuluka pageti, ndinagula mandasi awiri ndi tiyi wamkaka, ndinamudyetsa kuseri kwa wodi ndikumubisa ndi jekete. Mumtima ndinkati kandasi kamodzi kangatani, akapeze mphamvu.

Pasanathe ola anatiitana. Wogonetsa anandiyang'ana m'maso n'kufunsa, "Bambo, mwana wadya chilichonse lero?" Ndinati ayi. Ndinaopa kuti andikalipira, komanso kuti atibweza, ndiye ndalama ya thiransipoti ndi ya chakudya inali itatsala pang'ono kutha.

Atangomugonetsa anasanza. Zina zinalowa kumapapo. Anatuluka ali pa okosijeni, akupuma mothamanga ngati kankhuku, nthiti zikulowa mkati. Wogonetsa uja anabwera atanyamula kabotolo ka makina oyamwira zoipa kukhosi, anandionetsa, munali tizidutswa ta mandasi. Sanandikalipire. Anangoti, "Mukanandiuza tikanangodikira mpaka madzulo." Ndinakhala pansi pa simenti n'kulira pamaso pa anthu.

Anadwala chibayo, masiku atatu ali pa okosijeni ndi majakisoni. Achibale ena atabwera ankandinong'oneza kuti ndichotse timachubu ta m'mphuno, okosijeni amamaliza anthu. Ndinakana, chifukwa ndinkaona ndekha kuti kakasuntha milomo imada, akakabwezera imayera. Anachira, pano ali Sitandade 7, mkono uli bwinobwino.

Mwana wanu adzalira bere m'mawa umenewo, adzakukokani bulauzi, anthu pawodi adzakuyang'anani. Mupatseni bambo ake kapena mchemwali wanu amubereke aziyenda naye panja, asamamve fungo la mkaka. Ndipo ngati mwagonja n'kumuyamwitsa, nenani. Chonde nenani.

Nesi wa ku Leeds

Amake Bebi, ine ndine wa ku Ntcheu koma ndikugwira ntchito kuno ku England, m'chipinda chimene odwala amatsitsimukira akachoka ku fiyeta. Anzanga ayankha zambiri, ine nditenge mafunso awiri amene atsala.

Za mutu kusagwira kusukulu, nkhawa ya apongozi anu madokotala nawonso anali nayo, chifukwa pa tiana ta nyama zoyeserera mankhwalawa ankaonetsa kuti akhoza kusokoneza ubongo akapatsidwa nthawi yaitali. Ndiye anachita kafukufuku wamkulu wotchedwa GAS, pa makanda 722 a miyezi yochepa chabe a m'mayiko 7, ndipo onsewo ankachitidwa opareshoni ya hernia ngati ya mwana wanuyo. Theka anagonetsedwa, theka anangobayidwa jakisoni wa dzanzi. Atakwana zaka 5 anawayeza nzeru, zotsatira zinatuluka mu 2019, magulu awiriwo sanasiyane. Tulo tawo tinali ta pafupifupi ola limodzi. Chenjezo limene bungwe loona za mankhwala la FDA ku America linapereka mu 2016 likunena za ana osakwana zaka 3 amene agonetsedwa kopitirira maola atatu kapena mobwerezabwereza. Hernia ya mbali imodzi nthawi zambiri sifika ndi ola lomwe. Awa ndi mawu amene mungawauze apongozi mwaulemu.

Za kudzuka mkati mwa opareshoni, zimachitika koma mwa apo ndi apo kwambiri. Kafukufuku wa kuno ndi ku Ireland wa mu 2014 anapeza kuti amene anadandaula zimenezi anali munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 19,000 ogonetsedwa, ndipo ambiri anali oti apatsidwanso mankhwala oumitsa minofu kuti asagwedere. Wogonetsa amaona zizindikiro tulo tikamapepuka, mtima umathamanga, kapumidwe kamasintha, amaonjezera mwana asanadziwe kanthu.

Kuno amati munthu wathanzi kumwalira chifukwa cha mankhwala ogonetsa okha ndi pafupifupi mmodzi pa 100,000. Sindikufuna kukunamizani kuti nambala imeneyi ndi ya kwathunso, chifukwa zipangizo ndi chiwerengero cha anesi n'zosiyana. Kuno ine ndimayang'anira wodwala mmodzi yekha mpaka atadzuka. Kwathu nesi mmodzi usiku amatha kukhala ndi wodi yonse. Mu 2018 munatuluka kafukufuku wa odwala 11,422 ochitidwa opareshoni m'mayiko 25 a mu Africa. Awiri mwa 100 alionse anamwalira, akuluakulu odwala mosiyanasiyana ndi angozi omwe, koma chimene chinandigwira mtima n'chakuti pafupifupi onsewo sanafere patebulo, anamwalira m'masiku otsatira, kuwodi, vuto litabwera popanda wolizindikira msanga.

Ndiye inu gadiyani muli ndi ntchito yaikulu. Akakupatsani mwana mugonekeni cham'mbali, osati chagada, ndipo musamufunditse kumutu. Muziyang'ana milomo ndi lilime, zizikhala zofiirira bwino, osati zakuda kapena zotuwa. Muzimvetsera kapumidwe. Akamachita mkonono wachilendo, kapena kulira ngati tambala pokoka mpweya, kapena kupuma n'kumaima, itanani nesi nthawi yomweyo, ngakhale akuyankheni mokalipa pitaninso. Bandeji ikamanyowa magazi, itanani. Musamuyamwitse ali chigonere, dikirani atsegule maso, azikuzindikirani, anesi avomereze.

Koma zina musadabwe nazo. Ana ambiri amadzuka ndi ukali, kukuwa, kuponda, kukukanani inu mayi ake kwa mphindi 10 kapena 20, kenako zimatha. Ena amanjenjemera, ena amasanza kamodzi, ena mawu amasasa chifukwa cha kachubu ka kukhosi. Ngati anamupatsa ketamine maso amatha kuyendayenda, dovu kutuluka, kuoneka ngati akuona zinthu. Si ufiti, si misala, ndi mankhwala akutuluka m'thupi. Ine kulira kwa mwana m'chipinda changa ndimakukonda, chifukwa wolira ndiye kuti mpweya ukulowa ndi kutuluka.

Amake Bebi wa ku Chilomoni

Zikomo nonse, ndawerenga kawirikawiri. Bambo a ku Balaka mwandiliza, Mulungu akudalitseni poulula zimenezi.

Ndinawaimbira mayi anga kumudzi. Kwa nthawi yoyamba andiuza kuti mayi aang'ono anayamba matenda Lachiwiri kwa azamba, anamwetsedwa mwanamphepo, kuchipatala anafika Lachinayi pa ngolo magazi akutuluka. Akuti atatuluka ku fiyeta anatsegula maso n'kufunsa ngati mwana ndi wamkazi, anamwalira m'bandakucha akudikira magazi. Zaka zonsezi ine ndinkadziwa kuti sanadzuke n'komwe. Za kutentha thupi akuti panalibe.

Koma pabuka china. Kuyambira dzulo mwana watuluka mamina ndipo akukhosomola, usiku thupi linafunda pang'ono. Lero ndi Lolemba. Bambo ake akuti tisanene, atisinthira tsiku ndiye tidikiranso miyezi, iwo anapempha kale tchuthi kuntchito. Akuti timugulire mankhwala a chifuwa kugolosale chiphwe msanga. Achimwene a kuboma, nditani?

Wogonetsa wa kuboma

Nenani, mayi. Musabise, ndipo mankhwala a chifuwa a kugolosale musamupatse, ena amagonetsa ndipo sayenera ana aang'ono chonchi. Pitani naye mawa lomwe akamuyeze malungo ndi kumumvetsera m'chifuwa. Timamina toyera tokha, mwana akusewera ndi kudya, wogonetsa amatha kuona kuti apitirize. Koma kutentha thupi, chifuwa cha makhololo, mamina obiriwira kapena kulira kwa m'chifuwa, pamenepo timasintha tsiku, kawirikawiri ndi masabata awiri mpaka anayi, chifukwa njira ya mpweya imachedwa kupola ngakhale mamina atauma. Pokusinthirani muwakumbutse kuti hernia yake inakanirirapo kale, kuti asakuponyeni kutali. Bambo ake auzeni kuti ndawapempha ine. Tchuthi adzapemphanso.

Amake Bebi wa ku Chilomoni

Ndabwera kudzakuuzani mmene zinathera, pepani ndachedwa.

Tinanena za chifuwa. Malungo sanapezeke koma anati m'chifuwa muli phokoso, anatisinthira ndi masabata atatu. Bambo ake anakhumudwa tsiku limenelo, sanandilankhule mpaka madzulo. Masabata atatuwo ndinkasuzumira m'thewera kangapo pa tsiku.

Anachitidwa Lachinayi lapitali. Ndinatchera alamu, ndinamuyamwitsa 3 koloko usiku, kenako ndinavala bulauzi yotseka mpaka m'khosi. Pofika 6 koloko kunali nkhondo, mchemwali wanga anamubereka n'kumazungulira naye panja pa wodi, ine ndinabisala kuchimbudzi mawere akuwawa, bulauzi yonse kunyowa. Wogonetsa anali mayi wachikulire ndithu, wovala kachipewa kamaluwa. Ndinawafotokozera za mayi aang'ono, anamvetsera mpaka mapeto, anafunsa za kutentha thupi monga munanenera achimwene. Anamukweza pa sikelo, makilogalamu 9 ndi theka, analemba pa pepala komanso pa kapulasitala kamene anamumata pamkono. Fomu ndinasaina ndekha. Anamunyamula iwo eni, iye akukuwa "mama", chitseko n'kutsekeka. Inali 8:40.

Ndinakhala pabenchi nditafumbata mkuzi wa apongozi uja m'manja, sindinapemphere mawu omveka, ndinkangoti Ambuye, Ambuye. 9:35 ndinamva kulira mkati. Panali ana ena atatu tsiku limenelo koma mawu a mwana wako sungawasokoneze. Anandiitana patapita kanthawi. Anali wofiira maso, wokwiya, anandimenya pankhope n'kukana kuti ndimugwire, kachipangizo kaja kali pa chala cha kuphazi kakulira, nambala yake 98. Ndinamugoneka cham'mbali ngati mmene munanenera asisi a ku Leeds, ndinakhala ndikuwerenga mpweya wake. Anasanza kamodzi tamadzi toyera. Cha m'ma 11 anesi anati muyamwitseni pang'ono, anayamwa n'kugona.

Tinatuluka Lachisanu m'mawa ndi panado wamadzi. Bala lake ndi laling'ono kuposa chala changa chakankombaphala, ulusi wake akuti usungunuka wokha. Dzulo anayamba kukwera pampando, ndikumuletsa sakumva. Apongozi abwera kuchokera kumudzi ndi nkhuku, akhala naye pamkeka akumuuza kuti aloze mphuno, aloze khutu, iye akuloza.

Funso limodzi kwa asisi a ku Leeds kapena achimwene: pansi pa bala, kukachikwama kake, kwatupa pang'ono koma n'kofewa ndipo sakulira ndikakhudza. Tsiku lokaonetsa ndi Lachinayi. Ndidikire kapena ndipite mawa?